Mphuno ya Mama ndi Vinyo wa Loweruka

Nditangomaliza sukulu ya unamwino, boma linanditumiza ku Kaporo, m'boma la Karonga. Ine wa ku Dedza, wozolowera kugona ndi mabulangete awiri, ndinatsika minibasi masana a mwezi wa Novembala n'kuganiza kuti pali wina amene akuwotcha tchire pafupi. Panalibe moto uliwonse, kumeneko n'momwe kunja kumakhalira. Nyumba za pachipatala zinali zodzaza, ndiye mnzanga wa kuntchito ananditengera kwa mayi ena amene anali ndi zipinda za lendi kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa nthochi. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kunena m'Chichewa chawo cha kumpoto kuti, "Iwe mwana wowonda chomene. Kwanu kuli njala?" Za lendi tisanakambe n'komwe anali atandiikira kale mbale ya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti Mama, ndipo mpaka lero sindinapeze dzina lina lowayenera.

Mama ankagula ndi kugulitsa mpunga. Amuna awo anamwalira ana adakali aang'ono, ndipo ana onsewo anaphunzira sukulu ndi mpunga womwewo. Ogula mpunga pa Kaporo ndi ambirimbiri, koma Mama ankadziwika ndi chinthu chimodzi, mphuno yawo. Kilombero weniweni amanunkhira, ndipo fungo limenelo ndi limene anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafuna. Tsoka lake ulipo mpunga wina wa njere zazitali ngati iyeyo koma wopanda fungo, ndiye mavenda ena osaopa Mulungu amasakaniza, pamwamba pa thumba n'kuikapo wabwino. Mama ankapisa dzanja pakati penipeni pa thumba, kufikisa njerezo m'manja, kuuzira mankhusu, kenako kufumbata n'kupumiramo mpweya wofunda. Akatero ankatsinzina n'kununkhiza. Wosakaniza ankayamba yekha kumanga thumba lake asanauzidwe. Amayi a mashopu a m'tauni sankavutika n'kubwera, ankangoimba foni, ndipo thumba lochokera kwa Mama ankaligulitsa osalikayikira.

Zimene anandichitira mayi amenewa sindingazimalize. Anandiphunzitsa kuphika ndi mafuta a mawese, ofiira aja ochokera ku mtengo wa kanjedza, anandiphunzitsa kuyankha moni wa Chinkhonde kuti odwala asiye kundiseka, ndipo bambo anga atamwalira anakwera nane basi mpaka ku Dedza, kumene ananjenjemera ndi mphepo mlungu wathunthu osadandaula. Ndikamati Mama sindikungolemekeza.

Chaka chimene kunabwera chimfine chachikulu chija, chimene chinatimangitsa tonse nsalu pakamwa, Mama anadwala nyengo yokolola itangoyamba. Ndinawasamalira kunyumba, kuwayeza m'mawa ndisanapite kuntchito ndiponso ndikaweruka. Anachira. Tinathokoza Mulungu, amayi a kumpingo kwawo anabwera kudzaimba, ndipo Mama anabwerera kuchigayo ndi ndowa zawo. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina masana ndikuchapa yunifolomu kuseri, ndinamva fungo la mpunga wopserera. Ndinathamangira kukhitchini n'kupeza Mama atakhala pakampando, mphika uli pafupi ndi mawondo awo, akusankha nyemba mosatekeseka. Utsi unali utayamba kale kutuluka m'mbali mwa chivundikiro. Ndinaphula mphikawo. Iwo anandiyang'ana, anayang'ana mphika, kenako anazolika.

"Zayamba liti, Mama?" ndinafunsa.

"Pa matenda paja. Chilichonse chili ngati madzi basi." Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Usauze munthu, mwanangu. Mavenda akamva andidya wamoyo."

Sindinauze munthu. Koma nyengo imeneyo Mama ankagula ndi maso ndi mano okha, kumangochita zotsinzina zija kuti anthu asadziwe, ndipo wina anawapatsira matumba osakaniza. Mayi wina wa ku Lilongwe, kasitomala wawo wakale kwambiri, anaimba foni ine ndili pomwepo. Sanakalipe ayi, zikanakhala bwino akanakalipa. Anangonena mofatsa kuti makasitomala ake adandaula, ndipo kuti ayesanso kamodzi chaka chamawa, zikabwerezanso afuna munthu wina. Mama ataika foni pansi anandiuza kuti, "Mpunga watsopano ukafika mphuno iyi ili yakufa, ine basi ndasiya. Sindingagulitse anthu chinthu chimene mwini wanga sindikuchidziwa." Anthu ena akanena zotere umadziwa kuti mawa aiwala. Mama sanali otero, ndipo ine ndinachita mantha, chifukwa sindinkatha kuwaona m'maganizo mwanga atangokhala pakhonde osachita kanthu.

Mankhwala a vuto limeneli kuchipatala kunalibe. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mphuno imatha kudzuka ukamaikakamiza kununkhiza zinthu za fungo lamphamvu tsiku lililonse. Ndinawasonkhanitsira mandimu, masamba a bulugamu, khofi ndi karafuu, tokometsera chakudya tonunkhira ta ku Tanzania. Ankadzitsekera kuchipinda n'kumanunkhiza mobisa ngati akuchita zoipa. Patapita milungu ingapo ndinapeza zonsezo zitatayidwa ku nthochi.

"Ndatopa kununkhiza miyala," anatero. "Ndikakhala ndekha m'menemo ndimangolira."

Apa m'pamene analowerera mchimwene wawo wamng'ono, amene ine ndinkawaitana kuti Ankolo. Ntchito yawo inali yotenga magalimoto kudoko la Dar es Salaam n'kuwayendetsa mpaka kwa eni ake kuno ku Malawi, ndipo ulendo uliwonse ankapumira kwathu akangowoloka Songwe. Anali munthu wa phokoso, wa mimba yake, woyankhula zinenero zinayi m'chiganizo chimodzi. Loweruka lina anafika ndi botolo la vinyo wofiira wa ku Dodoma, akuti ndi mphatso yanga chifukwa chowasamalira alongo awo. Ine vinyo ndinkangomudziwa wa paguwa kutchalitchi. Ndinaitana mnzanga wa chipinda choyandikana ndi changa, mphunzitsi wa ku Mulanje wokonda kuseka ndi shuga, n'kukhala tonse pansi pa mtengo wa mango ndi makapu a tiyi.

Kuseri kwa botololo analemba m'Chingerezi zimene munthu ayenera kumva akanunkhiza, ndipo ndinawamasulirira: zipatso zakuda zakupsa, tsabola pang'ono, ndi mtengo wouma.

"Mtengo wouma?" anatero Ankolo. "Tikumwa mpando kodi?"

Aphunzitsi ananunkhiza n'kunena kuti iwo akumva jamu. Ankolo anati akumva mkati mwa galimoto yatsopano. Ine ndinati mabulosi. Tinakangana mpaka nkhuku zinathawa, ndipo Mama, amene anali chapatali akupeta, analephera kupirira.

"Anthu atatu akuluakulu mphuno zitatu, kulephera kapu imodzi? Bweretsani kuno."

"Dada, inu ndi a bulauzi yoyera," anawaseka Ankolo, powaitana alongo awo m'Chiswahili. Mama anali m'gulu la amayi a kumpingo ndipo mowa sankaukhudza.

"Ndani wati ndimwa?"

"Sawa. M'malamulo a mpingo wanu palibe pamene analemba kuti usanunkhize."

Mama anatenga kapu, kutsinzina, kununkhiza nthawi yaitali, n'kunena kuti mwana wa ku Dedza wakhoza, ndi mabulosi. Ine ndinadziwa kuti sanamve kanthu. Koma ndinaonanso kuti ananunkhiza nthawi yaitali kuposa mmene ankachitira ndi mandimu aja, ndipo sanalire.

Kuyambira pamenepo Ankolo sankabweranso chimanjamanja. Sanali vinyo wa mabwana ayi, anali wa pashelefu ya pansi m'masitolo a ku Dar ndi ku Mbeya, amene dalaivala angagule osasowa tulo. Aphunzitsi ankabwera ndi mapu a dziko lonse a kusukulu kwawo kuti tizionapo kumene botolo lachokera. Kutentha kwa ku Karonga kumasandutsa vinyo msuzi, ndiye tinkamiza botolo mumtsuko wa madzi kuyambira m'mawa. Ankolo anayesa kundinyengerera kuti ndizikawaikira m'firiji ya katemera, ndipo ndinawauza kuti akabwerezanso ndiwabaya jakisoni wa ana.

Aphunzitsi, poti ndi aphunzitsi, ankafuna kuti tizipereka malikisi. Mama anakana. "Zamalikisi zisiyeni kusukulu. Pano ndi pa Kaporo. Wabwino chomene ndi Kilombero. Wotsatira ndi Faya. Wongokhutitsa ndi Pusa. Ukatsika pamenepo ndi misere, ya phala la ana. Wotsiriza ndi mankhusu." Tinavomera kuyeza ndi mayina a mpunga amenewa, ndipo mpaka lero sindidziwa njira ina yoyezera vinyo.

Wa ku Dodoma uja tinamupatsa Faya, ngakhale anali wolemera ndipo Ankolo anagona naye pamphasa dzuwa likadali pamutu. Wa ku South Africa wa m'katoni, wokhala ndi kampopi kake, anali Pusa weniweni, wosanyaditsa koma wosakhumudwitsa, ndipo sankatha msanga. Wa ku Chile, dziko lowonda lija limene aphunzitsi analilondola ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, ankamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa ndipo ankanunkhira tsabola wobiriwira. Aphunzitsi anatsala pang'ono kumulavula n'kuti misere, pamene ine ndinamukonda n'kumupatsa Kilombero. Wa ku Spain anabwera m'kabokosi ngati ka mkaka, ndipo tonse tinagwirizana popanda mkangano kuti mankhusu. Wa ku Portugal anali woyera, wowawasa, wothetheka pang'ono palilime, ndipo ndi usipa wokazinga ankatsika bwino kwabasi. Wa ku Italy wotsekemera wa thovu, aphunzitsi anamupatsa Kilombero kapu isanafike n'komwe pakamwa. Kamodzi Ankolo anabwera ndi wa nthochi wopangidwa ndi mayi wina wa ku Iponga, m'botolo la madzi akumwa, n'kutinamiza kuti ndi wa ku Argentina. Anapeza Faya, ndipo Ankolo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndiyenera kunena kuti masana amenewo ndi amene ndimawakumbukira ndikamati ndinasangalalapo pa moyo wanga. Ndinali kutali ndi kwathu, malipiro ochepa, ntchito yochuluka, koma Loweruka ndinkapita ku Chile ndi ku Portugal ndili pamphasa, mapazi opanda nsapato.

Mwambo wathu unali wakuti wamng'ono ayambe kuyankhula, wamkulu atsirize. Ndinkayamba ine, kenako aphunzitsi, kenako Ankolo, ndipo Mama ankatseka. Kumeneku n'kulemekeza kwa masiku onse, koma kunkawathandizanso Mama, chifukwa pofika kwa iwo anali atamva kale kumene ambiri apendekera. Ankanunkhiza kapu iliyonse mwakhama, n'kugamula ngati woweruza. Ine ndinkawayang'ana nkhope ndikudikira kuti mwina lero, mwina lero. Miyezi inkapita mphuno ili zii.

Loweruka lina aphunzitsi, osadziwa kanthu, anati, "Iii, koma Mama mumangotibera mayankho. Lero muyambe ndinu, tione akatswiri." Ananena mwanthabwala, n'kuwapatsa kapu ya vinyo wofiira amene tinali tisanamulawe. Mama ananunkhiza. Ananunkhizanso. Kenako anaika kapu pansi bwinobwino, n'kunena kuti mutu ukuwapweteka, n'kulowa m'nyumba.

Ankolo anandikodola kuti tipite kugalimoto.

"Anesi, mukuganiza kuti ine ndine mwana?" anatero motsitsa mawu, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha. "Dada wanga uyu ankandimva fungo la mowa ndili pageti. Ndikasuta fodya ku Kyela, iye ankadziwa ndikafika kuno. Kuchokera pa matenda aja, palibe ngakhale tsiku limodzi wandikalipira. Ine mtima umandiwawa chomene."

"Ndiye mabotolowa?"

"Ine mowa wanga ndi biya, wozizira. Zowawasazi ndimamwera iyeyo. Ndinamuona akutaya mandimu anu. Ndinati uyu yekha sangapirire, koma pagulu, pali mkangano, sangalole kuti timupose."

Ndinalira pamenepo, nditatsamira galimoto ya munthu wa ku Zomba amene sindidzamudziwa. Aphunzitsi anazindikira okha, ndipo m'mawa mwake anakawachapira Mama zovala zonse. Loweruka lotsatira Mama anatuluka okha ndi kampando kawo, tinayambiranso mwa kale, wamng'ono poyamba. Tonse anayi tinkadziwa tsopano, ndipo palibe anatchula.

Mvula ya mwezi wa Malichi chaka chotsatira inabwera ndi ukali, mitsinje inasefukira monga imachitira ku Kaporo, ndipo madzi analowa m'chipinda chosungiramo mpunga wotsala. Atauma, panafunika kusiyanitsa matumba amene achita chuku ndi amene apulumuka. Chipinda chonse chinkanunkha moti ine ndinamanga mpango pamphuno, koma Mama analowamo ngati akulowa m'tchalitchi. Anaima pakati n'kundifunsa kuti, "Kukununkha, eti?" Ndinavomera. Tsiku limenelo ine ndinakhala mphuno yawo, kuwauza kuti ili lawola, ili lili bwino. Titamaliza anakhala pathumba n'kunena kuti akuganiza zogulitsa sikelo yawo. M'minda mpunga unali utayamba kale kutulutsa ngala.

Nthawi yomweyo n'kuti ine ndili ndi nkhani yanga. Panali mwamuna wina wa ku Kasungu, wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, amene tinakumana ku ukwati wa mnzanga ndipo ankafuna kundikwatira. Ndinamuuza kuti asanakaonekere kwa amalume ku Dedza, ayambe wadzaonekera kwa Mama. Anabwera pa Isitala, atavala jekete m'dzuwa la ku Karonga, thukuta lili chuchuchu. Za mphuno ya Mama sankadziwa, koma za Loweruka lathu ndinkamusimbira pafoni, ndiye pofuna kusangalatsa apongozi anazungulira masitolo a mu Lilongwe mpaka anapeza botolo la ku France. Analitulutsa m'chikwama ndi manja awiri.

Mama anamukonda atangomuona, chifukwa anagwada powapatsa moni ndipo mbalagha anadya mbale ziwiri. Ankolo anali pomwepo, aphunzitsi anabwera ndi mapu awo. Mabotolo athu ambiri anali a chitsekerero chopotokola, koma ili linali ndi chitsekerero cha khungwa la mtengo, cholowa m'kati. Chotsegulira chake tinalibe. Ankolo anakatenga sikuluu ndi pulayazi m'galimoto, n'kuchizula ngati dzino.

Anathira m'makapu. Ine monga wamng'ono ndinayamba. Nditangoyandikitsa kapu kumphuno, ndinadziwa kuti china chake chalakwika. Sikunali kuwawasa kwa vinyo ayi, linali fungo la chinyontho, la chinthu chimene chakhalitsa pamalo onyowa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nthawi zina khungwa lija limachita nkhungu n'kuwononga vinyo yense, ndipo wogula sangadziwe mpaka atatsegula. Tsiku limenelo sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangoona munthu wanga atakhala chilili pampando, akupukuta thukuta, akundiyang'ana ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Ndinameza pang'ono.

"Kilombero," ndinatero, maso ali pansi.

Aphunzitsi ananunkhiza, nsidze zinakwera, anandiyang'ana. Mlendo, tsiku lake loyamba, wobwera kudzafunsira mwana wa pakhomo, ndani angamunyozere mphatso? "Eee, Kilombero ndithu," anatero, n'kuika kapu kutali ndi iwo.

Ankolo ndiye anachita kupitirira muyeso. Anagugudiza kapu yonse, nkhope inakwinyika, n'kufuula kuti, "Safi kabisa! Mkamwini, uyu ndi Kilombero wa giredi wani! Azungu a ku France amadziwa!"

Kapu inafika kwa Mama. Anamumwetulira mlendoyo, kutsinzina monga mwa masiku onse, kununkhiza. Ndinaona milomo yawo itakonzeka kale kutchula zimene tonse tinatchula. Koma mawu sanatuluke. Anachotsa kapu pamphuno, kuiyang'ana m'kati, kuibwezeranso. Pamphumi panachita makwinya.

"Fiki iki?" anatero m'Chinkhonde, kufunsa kuti n'chiyani chimenechi. Ananunkhizanso mwamphamvu moti tonse tinamva. "Yayi. Ichi chikununkha. Thumba ili! Thumba lonyowa, la chuku! Inu nonse mwapenga? Kilombero wake uti? Baba, pepani chomene, koma vinyo wanuyu ndi mankhusu. Ngakhale nkhuku zanga sizingayandikire."

Mlendo uja, amene lero ndi mwamuna wanga, anaimirira, nkhope itagwa, akusowa poika manja. Ine sindinkamuonanso n'komwe. Ndinkayang'ana Mama, amene anali akadakwinyabe nkhope ndi kunyansidwa, osazindikira chimene angochita kumene. Kenako ndinaona chikuwafika. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine.

"Mwanangu," anatero chapansipansi, "chikununkhadi?"

"Chikununkha, Mama. Chikununkha koopsa."

"Kyala!" anakuwa Ankolo, kutchula Mulungu, chipewa n'kuponya m'mwamba. Aphunzitsi anayamba nthungululu. Mama anafumbata kapu ija ndi manja awiri, mphuno ili m'kati, misozi ikugwera m'vinyo momwemo, akuseka, akunyansidwa, akununkhizabe. Mlendo wathu, poona mayi wamkulu akulira chifukwa cha mphatso yake, anagwada pansi ndi jekete lake n'kuyamba kupepesa kuti sanadziwe, kuti akagula lina, kuti timukhululukire. Mama anamugwira mutu.

"Ndagha fijo, baba. Zikomo chomene. Anthu awa andipatsa zabwino miyezi yonseyi, sizinandithandize. Iwe wandibweretsera chowola. Mulungu akudalitse."

Munthuyo anandiyang'ana ngati wafika m'mudzi wa amisala. Zinanditengera nthawi kuti ndimufotokozere. Botolo lija Mama anakana kuti titaye. Analowa nalo kuchipinda, ndipo mlungu wonse ankalitsegula m'mawa uliwonse kuti atsimikize kuti kununkha kuja kukadalipo.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti zonse zinabwerera tsiku lomwelo. Zonunkha ndi zimene zinayamba kufika: chimbudzi, nsomba zogona, masokosi a Ankolo, amene anakalipiridwa koyamba patapita nthawi yaitali n'kumayenda monyada tsiku lonse. Zina zinabwera zopotoka, khofi ankawanunkhira ngati tayala lopsa. Mandimu anabwera bwino. Koma fungo la Kilombero ndi lofatsa, silikuwa, ndipo limenelo linkakana. Ankatapa wotsala uja, kufumbata, kupumiramo, n'kupukusa mutu. Ankati mwina wakale watha mphamvu, tidikire watsopano, koma ndinkawaona kuti akuopa. Anthu anayamba kumweta m'minda, mayi wa ku Lilongwe uja anaimba kufunsa ngati chaka chino atumize matumba, ndipo Mama anamuyankha kuti amuuza.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni ndinadzuka n'kupeza atachoka kale, osandiuza. Ndowa zawo panalibe. Njira yanga yopita kuntchito inkadutsa pachigayo, ndipo ndili patali ndithu panjinga ndinamva mawu amene ndinkawadziwa. Ndinatsika.

Mama anali ataima pakati pa anthu, dzanja lili lofumbata pafupi ndi mphuno, patsogolo pawo pali thumba lotsegula ndi bambo wina wa chipewa chofiira amene ankayang'ana uku ndi uku.

"Pamwamba Kilombero, pakati chiyani? Ukuyesa ine ndine mlendo pano? Nunkhiza wekha! Uyu wapamwambayu akununkhira, watsopano, wabwino chomene, ndamumva ndisanafike n'komwe. Uyu wapakatiyu ali ngati mchenga! Unamva kuti mayi uja mphuno inafa, eti? Ndani anakuuza? Pita ukamuuze kuti yadzuka!"

Anapitiriza m'Chinkhonde, kenako m'Chitumbuka, ndipo zina zimene ananena sizinali zoyenera mayi wa bulauzi yoyera. Anthu ankaseka, bambo uja akumanga thumba lake mofulumira chingwe chikumupulumuka. Ine ndinaima m'mphepete mwa msewu ndi yunifolomu yanga, nditagwira njinga, misozi ikungoyenderera. Mayi wina wogulitsa mandazi anandiyandikira n'kundigwira phewa.

"Pole, anesi. Maliro ali kuti?"

Sindinamuyankhe, chifukwa Mama anali asanamalize kumukalipira munthu uja, ndipo sindinkafuna kuphonya ngakhale liwu limodzi.